Nyimbo yolira ngati napolo

Lachinayi, Januwale. Mtima sunakhazikike mpaka pano.

Msuweni wanga wa ku Joni ananditumizira nyimbo zatsopano zopangidwa pa kompyuta, zopanda mawu, zongogunda chapansipansi. Masanawa, mvula ikuwaza, ndinayesa imodzi pa sipika ya shopu yanga yoikira nyimbo m'mafoni pa Migowi. Mayi ogulitsa tomato pafupi nane anataya beseni n'kuliyatsa liwiro akukuwa, "Napolo! Phiri likugumuka!" Msika wonse balala!

Nditazimitsa, anthu anaseka. Mayiwo sanaseke. Anati, "Mwanawe, madzi amene anatenga mchemwali wanga analira chomwecho."

Nyimboyo ndaifufuta, koma mitambo yakutabe phiri la Michesi. Ndikuopa tsiku limene phirilo lidzalire zenizeni. Anthu adzangokhala phee n'kumati, "Musathawe, ndi sipika ija."