Kwa a Leopoldo, amene ankavula nsapato pokaona mbalame

Lero zakwana zaka zitatu, bambo a Felicidade, chichokereni pakhomo pano m'mawa wa Lamulungu lija, binokulo wanu ali m'khosi. Ndinakuuzani kuti mumusiye. Ndinati nthawi ya nkhondo ino munthu wonyamula magalasi oonera kutali samufunsa kuti akuona chiyani. Inu munaseka, aphunzitsi anzanu a ku Metangula anaseka, amayi anga omwe anati Olímpia amadzidzimuka ngakhale nkhuku ikakupiza mapiko. Anthu a mfuti anakupezani panjira ya ku dambo. Mpaka lero sitidziwa kuti anali a mbali iti.

Chithunzi chili pamwamba pa mawu anochi anakujambulani ku dambo komweko, kupitirira Chiwanga, pamene mtsinje umathira m'nyanja, kumene akuluakulu analetsa kalekale kutola mazira kapena kulowa ndi legeni. Inu mlendo wochokera ku Inhambane munalikonda dambolo kuposa ife eni ake. Mukafika pabango munkavula nsapato n'kumayenda monyang'ama ngati chimeza, chala pakamwa, ife pambuyo tikudzigwira kuti tisaseke. Munkadziwa mtengo wouma wogona akakowa, zisa za atchete zolendewera pamadzi, ndi mwala umene mphipi zimayanikapo mapiko. Nkhwazi ikalira munkaima chilili ngati mwaitanidwa dzina. Nanga tsiku lija munatitimira m'matope pofuna kusuzumira anapiye a tsekwe? Munafika kunyumba miyendo ili misundu yokhayokha, ine ndikukalipa ndikuichotsa ndi mchere, inu mukungokamba za anapiyewo.

Ine kunena zoona mbalame sindinkaziona kwenikweni. Maso anga ankakhala pamadzi kusaka ng'ona ndi mvuu, kenako kunjira kuona amene akubwera, kenako pa Felicidade ngati akadali bwino kumsanaku. Mantha amenewa ena ankandinena nawo. Koma inu tsiku lina munandionetsa tsekwe wamkazi, ana ake akudya mitu ili pansi, iye khosi lili m'mwamba osalawa kanthu. Munati mayi amakhala chomwecho, ndisamachite nawo manyazi maso angawa. Palibe wina amene anandiuzapo zotere.

Tikukulirani tonse. Casimiro, amene munamusiya m'mimba, amaloza chithunzi chanu n'kumati papa, ngati munadziwana. Ana a sukulu anu akadutsa pano amavula zipewa. Amayi anu ku Inhambane sitikudziwa ngati uthenga wa maliro unawapeza, njira zonse n'zotseka. Felicidade ndiye watengera inu ndendende. Sabata yatha anandisowa masana. Ndinathamanga mudzi wonse ndikufuula, Casimiro ali kumsana, mpaka ndinakamupeza ku dambo yekha, atagwada, manja atawapinda m'maso ngati binokulo. Chikhalirecho bango analitentha kale, akuti mungabisale adani, mwangotsala zitsa zakuda ndi kakowa mmodzi. Iyeyo amaonera kakowa ameneyo. Ndinamumenya, bambo a Felicidade, kenako ndinakhala pansi paphulusa pomwepo n'kulira naye limodzi.

Anthu ambiri anawoloka kale kupita ku Likoma. Ine ndakhala ndikukana zaka zonsezi chifukwa cha manda anu. Kuno mulibe mlongo, mulibe malume, ndinkati ine ndikachoka adzasesa pamanda a mlendo ndani? Udzu ungamere, anthu n'kuiwala kuti pagona munthu. Koma mfuti zimene tinkazimvera kumapiri a Maniamba tsopano tikuzimva cha ku Meluluca, ndipo mwana amene wayamba kupita yekha ku dambo sindingamumangirire pamwendo.

Lero titachoka kumanda ndinapita kwa a Mwanaharusi, aneba athu aja ankakupatsani usipa wowamba. Andilonjeza kuti azisesa pamanda anu mwezi ndi mwezi, ndi mtanda womwe aziudzutsa ukapendeka, ngakhale iwo ndi Asilamu. Akuti munawaphunzitsira ana awo osasankha. Amuna awo, a Ibraimo, ali ndi malo atatu m'boti lawo. Ndavomera. Tinyamuka kusanache, ndipo pamene mawuwa azisindikizidwa m'nyuzipepala tidzakhala tili kutsidya.

Musatikwiyire potisowa pamanda. Sikuti ndakutayani ayi, ndadzutsa khosi monga munandiphunzitsira, ndipo ulendo uno ndamvera zimene maso anga aona.

Tikusiya manda okha. Inuyo sitidzakuiwalani, kulikonse kumene tikagone.

Ndife mkazi wanu Olímpia, ndi ana anu Felicidade ndi Casimiro.