Laini seveni

Lachinayi, 6 Malichi

Kayakanso. 3 koloko masana, kanyali ka laini seveni, yodzera mafoni akutali. Ine pulagi lowetsu pa swichibodi, makina athu olumikizira mafoni. "Nambala yanji?" Zii. Kupuma kokha. Kenako kutsokomola kuja, kawiri. Ndi mwana wanga ameneyu, wina asandinamize. Chiyambire ali wamng'ono amatsokomola kawiri asanayankhule.

Chaka chachitatu tsopano, Lachinayi lililonse. Iye osanena kanthu, inenso osanena kanthu. Lamulo la pa swichibodi: woimba akakhala chete, werenga mpaka teni, zula pulagi. Ine ndimafika sate, mwapang'onopang'ono.

Poweruka, chikalata pakhoma. Makina atsopano ayamba ntchito pa 21. Anthu azidziimbira okha osadzera kwa ife, ndipo nambala yathu itsekedwa. Nambala imeneyi ndi yokhayo imene mwana wanga amaidziwa.

Lolemba, 10 Malichi

Mainjiniya atatu, mabokosi achitsulo mpaka m'chipinda chathu chomwera tiyi. Mmodzi wa iwo, wandevu, ndi wolongolola, abale! Akuti kale uthenga unkayenda ndi miyendo, kenako telegalamu, kenako ife ndi zingwe zathu, lero mabokosi akewo. Ati mtsogolomu foni izidzakhala m'thumba ngati mpango. Tinaseka mpaka misozi.

Ndinamufunsa kuti munthu akaimba n'kungokhala chete, makinawo amatani. "Amadula okha, mayi. Alibe makutu." Tiyi yense pa siketi yanga yoyera ija.

Tilipo khumi ndi awiri, otsala ndi atatu basi, a pa desiki ya mafunso. Osankha ndi a Makutu, kapitawo wathu. Dzinalo tinawapatsa chifukwa amatimvetsera mobisa pa pulagi yawo. Dzina langa lilipo pa atatuwo, koma alilemba ndi pensulo.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndinakonzeka kuyankhula. Kanyali kayaka, a Makutu ali chilili kumbuyo kwa mpando wanga. Ndinangoyamba kuwerenga. Ndili pa thwelofu, chala chawo paphewa. Ndinazula.

Koma ndamva chinthu. Kumbuyo kwake kamwana: "Amama, tiyeni." Mayo ine! Ndiye kuti mimba yake ija, imene ndinamuthamangitsira, ndi munthu woyenda, woyankhula.

Ndilembe poti palibe wowerenga. Ndinamuuza ndine, ndi pakamwa pangapa, kuti asadzapondenso pakhomo panga. Anali ndi zaka seventini. Anatuluka ndi kachikwama kamodzi, nsapato za kusukulu ali nazo kumapazi.

Kwatsala Lachinayi limodzi. Ndili ndi mantha.

Lachiwiri, 18 Malichi

Kunyumba tilibe foni. Kumene mwana wanga amakhala sindikudziwa, laini seveni imanyamula matauni ambirimbiri. Ndapita kwa wagolosale wa pakona, wavomera kuti ndidzalandirire pa foni yake. 4418. Ndailemba pachikhatho, ndailoweza pochapa, poyenda, posita.

Nanga akamva mawu anga n'kusiyiratu kuimba? Nanga ngati si iyeyo, zaka zonsezi ndakhala ndikuwerengera mlendo? A Makutu akandimva ntchito yatha, ndipo nsapato za bambo a mwana wangayo zili kale pakamwa yasa.

Ndinawafotokozera bambo akewo. Iwo anati: "Pakamwa pakopo ndi pamene panamuthamangitsa. Pomwepo pamubweze." Chakudya sindinachikhudze.

Lachinayi, 20 Malichi

3 koloko, mdima pa seveni. Teni pasiti, mdima. Thukuta m'manja mpaka pulagi kuterera. Mafoni ena ndimangolumikiza osadziwa kuti ndani akufuna ndani.

3:25, kayaka. Kutsokomola kawiri. M'khutu ndinamva kuti the, a Makutu alowa pa laini. Ndinati zivute zitani.

Ndinati: "Mwanangu, ndine mayi ako. Mawa kuno kulibenso munthu. Uimbe 4418, pa golosale, Lachinayi nthawi yomweyino. Ndinalakwa ine." Nambalayo katatu. Kupuma kwake kunasintha. Kenako laini inaduka. Wadula ndi iyeyo, koyamba m'zaka zitatu. Kaya anali ndi cholembera?

A Makutu anatenga labala, dzina langa fufutu, ine ndikuona. "Lamulo ndi lamulo, mayi." Sanandiyang'ane kumaso.

Loweruka, 22 Malichi

Kodi! Sindinamuuze kodi ya tauni!

Ndazindikira ndikuyanika zovala. Makina atsopanowa amafuna kodi, manambala atatu a tauni, patsogolo, apo ayi foni yakutali siifika. Wandevu ananena, zinalembedwa pakhoma. Koma ine zaka naintini munthu amangotchula nambala, tauni ndimaidziwa ndine, ndi dzanja langali. Kodi ya tauniyo ndinali ine. Chitsiru cha mkazi!

Aimba 4418 kwawoko, ayankha munthu wina, kapena osalira n'komwe. Aganiza kuti ndamunamiza. Aganiza kuti ndamutsekeranso chitseko kachiwiri.

Ndinathamangira kuntchito. Swichibodi aifunditsa nsalu, zingwe azidula, zili mulu pakona. Ndinaima pamalo panga. Mlonda anandipempha kuti ndituluke.

Lachinayi, 27 Malichi

Pa golosale chiyambire 2 koloko. Andipatsa kireti yokhalira pafupi ndi matumba a sopo. Foni yakuda, ilibe kanyali, sungadziwe kuti kukubwera ndani. Zimapweteka chonchi eti, kudikira mbali inoyi?

3 koloko, zii. 3:15 inalira, mtima phaa, koma anali wofunsa mtengo wa palafini. Ndinatsala pang'ono kumulanda wagolosale foniyo.

3:40 yaliranso. Wagolosale: "Ndi yanu, mayi." Ndinailandira.

Si mwana wanga. Ndi a Makutu, mawu awo ouma aja. Akuti anamva okha tsiku lija kuti kodi ya tauni sindinaitchule, ndiye anakakamiza wandevu kuti nambala yathu yakale izigwera pa desiki yawo sabata imodzi yokha. "Waimba munthu, sananene kanthu, watsokomola kawiri. Ndamuwerengera kodiyo katatu, wabwereza yekha. Ikani foni pansi msanga, mukutseka laini."

Wabwereza yekha. Ndiye kuti wayankhula.

Ndaika. Ndikulemba pa kauntala kuti manja apeze chochita, zilembo zili zokhotakhota. Ndawerenga mpaka teni. Mpaka sate. Sikisite. Ndikanyamula sindidzati "Nambala yanji." Ndidzati chiyani, Mulungu wanga, ndidzayambira pa

Ikulira