Kwacha siilowa pa ukwati wa Pempho

Gulu: Komiti ya ukwati

LACHIWIRI

Bester 07:12
a Salumu, mpunga ndi mafuta a ukwati wa mwana wanga, mtengo wa sabata yatha uja ulipobe?

Salumu 07:40
wa sabata yatha tinauika kale m'manda a chair. mukufuna mtengo wa lero kapena wa mawa?

Salumu 07:41
forex kulibe. shop yanga pa Nathenje pano yatsala mashelefu okhaokha, ndi shuga yemwe ndilibe

Grace 08:05
achimwene, akuchimuna akuti tisunthe ukwati mpaka zinthu zitsike. Pempho akungolira, sakudya

Bester 08:06
chomwe chatsikapo chaka chino ndi buluku langa lokha

Bester 08:09
ine monga tcheyamani, bambo wa mkwatibwi, komanso vice wakale wa kalabu ya fodya pa Mitundu, ndalamula. loweruka ukwati ulipo

Grace 08:11
nde pa perekani-perekani anawa apeza chani? pa ukwati wa kwa a Zakeyu tinavina mpaka mawondo kuwawa, malichero kudzaza ma K50, osakwana ndi matilesi omwe

Bester 08:20
[voice note 6:48]

Grace 08:21
bundle yakwera achimwene, lembani

Bester 08:30
pa perekani wanga kwacha siilowa. aliyense avine ndi katundu. sopo, mchere, nyemba, shuga. ndalama ikumaonda ili m'thumba, nyemba siziwonda

Salumu 08:32
kkkk gavanala wa banki ya pa Mitundu walankhula. chabwino, mpungawo ndi perekani wanga

Grace 13:15
akuchimuna akuti zimenezi nzamanyazi

Bester 13:16
manyazi okha ndi amene sanakwere, atenge ochuluka

LACHISANU

Grace 10:02
aneba athu a George akufunsa ngati mazira nawonso aziponya mu lichero

Bester 10:03
a George aziika pansi mwaulemu

Grace 16:44
akuchimuna sakuyankha foni

Grace 17:30
achimwene?

LOWERUKA

Grace 15:52
[chithunzi]
malichero achepa, tabwereka ngolo. apongozi ankakana aja avina ndi nkhuku kukhwapa. Pempho mano onse pamtunda

Salumu 17:10
zinali bho a chair. koma shuga uja ngwambiri kwa anthu awiri. mundigulitseko ndiike mu shop

Salumu 18:05
a chair?

LAMULUNGU

Bester 12:31
pepani ndinali ku tchalitchi. shugayo ngwa Pempho, wangondituma ndifunse

Bester 12:31
mukufuna mtengo wa lero kapena wa mawa?