Ngalande Imene Wiebe Anakwirira

Wokondedwa msuweni Tjitske,

Mchimwene wako Wiebe ndiye anakwirira ngalande ya m'malire a busa la bambo anga, n'kuuza mudzi wonse kuti ndimalota. Pepa, ndayamba ndi zimenezi ndisanakupatse moni. Kuno tili bwino, mphepo ndi yomwe ija.

Mdzukulu wanga Femke, wophunzira masamu uja, anabwera ndi chithunzi cha minda yathu chojambulidwa kuchokera kumwamba. Kompyuta yake imadula chithunzi m'tizigawo, kenako imalumikiza tofanana pang'onopang'ono, monga nthambi zimakumanira pa thunthu. Malire ofooka ndiwo amayamba kufufutika. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndinaona ndekha minda ya anthu ikusanduka umodzi, mzere wa ngalande yathu uli chikhalire. Udzu wa pamenepo umamera mosiyana.

"Agogo, malire anuwa ndi amakani ngati inu nomwe," anatero akuseka.

Malo amene Wiebe anatenga pokwirira ngalandeyo sindikuwafunanso. Ng'ombe ndinagulitsa, ndipo adokotala anena zina zimene ndidzakuuza tsiku lina. Wiebe amakumvera iwe. Umuuze abwere chisanu chisanayambe, tidzaime pa mzerewo, adzanene ndi pakamwa pake kuti ngalande inalipo. Khofi ndidzaphika ndine.

Ndine msuweni wako,
Sjoerd