Kadzino ka Tiwonge kasazulidwe

Mwana wanga Yotamu,

Muli bwanji ku Kitweko ndi apongozi anga? Kuno ku Kambombo tili bwino, mawondo okha ndiwo akundinyoza.

Nkhani ndi ya mwana wako Tiwonge. Kadzino kake kaubwana kaja kakadalipo, munthu wakula mpaka afuna kukwatiwa. Mlongo wako Esinati anabwera ndi ulusi, amvekere, "Amama, tikazule tiponye padenga, lalikulu limere ukwati usanafike." Ndinati, "Iwe, m'kamwa mwa mwana si munda wa chinangwa."

Tinapita ku Chama. Adokotala a mano anajambula nsagwada, nati pansipo palibe dzino lodikira kumera. Akuti tingakasiye poti nkolimba, kapena akazule amange mawaya kuti mano ayandikane, kapena aikepo lopanga. Mawayawo ndi a kutauni.

Tiwonge anati, "Agogo, kakhale, sikandipweteka." Ndagwirizana naye. Mano anga ambiri anapita, ndipo denga silinandibwezere ngakhale limodzi.

Manje Esinati ulusi wake sanataye, ine sandimvera. Umuimbire foni iweyo, umuletse.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine amako,
NyaGoma