Mtsuko Umene Unabweza Apongozi Pakhomo

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 34, wobadwira konkuno ku Canada. Amuna anga a Desmond ndi munthu wabwino koma wosakhazikika: zaka zitatu, ntchito zinayi. Katswiri wa feng shui, luso la Chitchaina lokonza nyumba kuti ibweretse mwayi, atayendera nyumba yathu anati muli magalasi ndi zitsulo zokhazokha, dothi mulibe, n'chifukwa chake bambowa akungoyandama. Anatiuza kuti tiike chinthu cholemera chadothi pakati pa nyumba.

Ndinapeza mtsuko waukulu wofiirira, wa chivundikiro, m'sitolo ya zinthu zakale. Kukongola kwake! Ndinauika pabalaza, ndipo musaseke, a Desmond atha miyezi khumi ndi umodzi pa ntchito imodzi.

Sabata yatha apongozi anga anafika kuchokera ku Hong Kong. Atangovula nsapato n'kuona mtsukowo, anazivalanso. "Mwana iwe, muli ndani umu?" Ndinayankha kuti mulibe kanthu. "Ndiye ukudikira ndani?" Kumudzi kwawo, mitsuko yotere amasungiramo mafupa a makolo akawafukula patatha zaka. Ine ndikanadziwira kuti?

Pano akukhala kwa alamu anga, ndipo alumbira kuti sadzadya chakudya cha Chaka Chatsopano cha Chitchaina m'nyumba mwathu. Kwatsala masiku khumi. A Desmond akungoseka: "Mwina unali wa ndiwo zowawasa, amayi amakokomeza." Koma ine ndikuopa kuti ndikauchotsa, ayambiranso zawo zija. Nditani?

W.S., Richmond

Mayi W.S.,

Pepani, ndaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Koma mtsukowo utuluke lero. Kaya munali mafupa kaya ndiwo, apongozi anu akauyang'ana akuona manda, ndipo palibe amene angawadyetse nsomba pambali pa manda.

Ubwezeni kumene munautenga. Musaubise m'galaja, apongozi amatsegula paliponse. Kenako wiritsani masamba a pomelo, mtengo wa zipatso zonga malalanje akuluakulu, monga timachitira tikachokera kumaliro, mukolope pabalaza ndi pakhomo. Chikolopacho agwire a Desmond, poti ndiwo akuseka. Muwajambule, chithunzi mutumizire mayi awo.

Dothi silinathe padziko. Pitani kwa apongozi ndi malalanje, mukanene kuti, "Amayi, sindinkadziwa, tandiphunzitsani." Muwatenge akasankhe okha mphika wina, wotambalala kukamwa, wopanda chivundikiro, mudzalemo kamtengo ka timalalanje ta Chaka Chatsopano. Adzabwera ndithu, ngakhale kudzangoona ngati mukukathirira bwino.

Za ntchito musade nkhawa. Amene wakhala akudzuka m'mawa miyezi yonseyi ndi a Desmond, osati mtsuko. Kodi munawayamikirapo, kapena ulemu wonse mukupereka kwa dothi?

Koma samalani. Apongozi akasankha mphika wonyansa, ndipo adzatero, musakwinye nkhope. Muuyamikire, muuike poonekera. Mphika wonyansa muuzolowera pofika Lachitatu, koma mpando wa apongozi ukapanda munthu tsiku la Chaka Chatsopano, abale adzaukamba mpaka ana anu atakwatira.