Mpando Wachinayi pa Maliro a Sajeni Dadon

KOMITI YA MABANJA A APOLISI OPUMA NTCHITO, NYUMBA ZA RIMON, BEER SHEVA
Msonkhano wa nambala 212

Tsiku: Lamulungu, 8 Marichi 1998
Malo: Chipinda chapansi, pafupi ndi mosungira katundu

Opezekapo: Bambo Ovadia Turjeman (Wapampando), Mayi Tirtza Landau (Mlembi), Bambo Rahamim Sasson, Mayi Fortuna Elbaz.
Wopepesa: Bambo Uziel Hajaj (opareshoni ya diso).
Alendo: Mayi Masuda Dadon, a zaka 84, mayi ake a malemu Sajeni Gavriel Dadon, Bambo Naftali Karmi, telala, amene anakhala ndi malemuwo m'nyumba nambala 7 zaka 19.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ili 10:07 m'mawa. Mphindi zisanu ndi ziwirizo zinatayika chifukwa Mayi Masuda anatsika okha masitepe onse 19, atakana kugwiridwa mkono.

2. Zotsalira za msonkhano wapita

Zolembedwa za msonkhano 211 zinavomerezedwa. Mlembi anakumbutsa kachinayi kuti timipando tatifupi tobwereketsa anamfedwa tiyenera kukhala 12, koma mosungira muli 11. Wapampando anati nkhaniyo idikire.

3. Kalata ya a thumba la penshoni

Wapampando anawerenga kalatayo. Ikuti a thumba avomera tsopano kuti amene ankakhala ndi wapolisi womwalira ngati banja, ngakhale akhale mwamuna mnzake, alandire penshoni ya wamasiye ndi kukhalabe m'nyumba. Koma akufuna umboni wa komiti ino wakuti awiriwo ankadziwika kwa anthu ngati banja. Umboniwo ukapanda kufika pa 15 Marichi, Bambo Karmi atuluke m'nyumba 7 mwezi uno usanathe. Mlembi anakumbutsa lamulo 9, lakuti kalata ya umboni imasainidwa ndi membala aliyense wopezekapo.

Wapampando anapempha kuti mbiri ya malemu ilembedwe. Sajeni Dadon analowa upolisi mu 1971, nagwira ntchito ya pamsewu zaka 26. Mu 1988, pa fomu ya za banja, anakhwatcha mawu akuti "dzina la mkazi" nalemba dzina la Bambo Karmi. Fomuyo inabwezedwa. Kuchokera apo sanakwezedwenso pa udindo, ndipo anzake ena analeka kudya naye tebulo limodzi. Iye sanasiye ntchito, sanasiyenso kulembera a thumba la penshoni za nkhaniyi. Wapampando anati analemba makalata okwana 40. Mlembi anakonza kuti ndi 43, makope ake ali mu failo. Anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 3 Novembala 1997, yankho lisanabwere.

4. Kukambirana

Mayi Elbaz anati iwo asaina ndi manja onse awiri. Anati amuna awo atafa ziwalo, Gavriel ndiye ankawabereka kumsana kutsika nawo masitepe Lachinayi lililonse popita kuchipatala, zaka zitatu, ndipo Naftali ankakhala atatenthetsa msuzi pobwera.

Bambo Sasson anati malemuwo ankagwira ntchito pansi pawo, ndipo sanakhalepo ndi wapolisi wina wokhulupirika ngati iye. Anati Naftali alibe naye mangawa. Koma ukwati sanauone: panalibe rabi wodalitsa ukwatiwo, panalibe chikalata. Anati, "Ine ndaimirira m'khoti zaka makumi atatu. Sindinachitirepo umboni chinthu chimene sindinachione ndi maso. Ndinkaona amuna awiri okhala nyumba imodzi, basi."

Mayi Elbaz anati, "Thalauza mwavalalo, a Rahamim, analikulitsa ndani m'chiunomo? Kawiri konse. Pokayeza kunyumba 7 munkatsinzina?"

Bambo Sasson anati thalauza si ukwati. Wapampando anapempha kuti mimba za mamembala zisalowe m'zolembedwa. Mlembi sanalembe za mimba.

Mlembi anapempha kuwerenga kuchokera m'buku lobwereketsa katundu. Pa 4 Novembala 1997, tsiku loika maliro, palembedwa mizere iwiri: "2:00 masana, timipando 3, nyumba 7, wotenga R. Sasson." Ndipo pansi pake: "2:40 masana, kampando 1, nyumba 7, wotenga R. Sasson." Mlembi anati, monga onse akudziwa, m'masiku asanu ndi awiri olira maliro, pa timipandoti pamakhala kholo, mwana, m'bale wa bere limodzi, ndiponso mkazi kapena mwamuna wa malemu. Wina aliyense amakhala pa mpando wamba. Malemu analibe mwana, bambo ake anamwalira kale, alongo ake ndi awiri. Mayi mmodzi ndi alongo awiri ndi anthu atatu. Mlembi anafunsa kuti kachinayiko kanali ka yani.

Bambo Sasson anati iwo anangotumidwa.

Mayi Masuda anayankha asanapatsidwe mpata, ndipo Wapampando sanawaletse. Anati, "Eya, ndinakutuma ndine. Iwe Rahamim, ndinakudziwa ukuthamanga wopanda kabudula mumsasa wa matenti titangofika kuchokera ku Moroko, ndiye usandiuze za khoti."

Anapempha kuti zotsatirazi zilembedwe monga momwe anenera. "Ine zaka 19 sindinapondemo m'nyumba 7. Mwana wanga ankabwera kwanga Lachisanu lililonse yekha, ine osafunsa kuti malaya akusitira ndani. Tsiku lija tachoka kumanda, ndakhala pansi ndi ana anga aakazi, m'nyumba 7 momwemo, ndikuona Naftali uyu ali kukhitchini, akuthirira alendo tiyi ngati wantchito. Amene anamutseka maso mwana wanga ndi iyeyu, ine kunalibe. Ndinati, namfedwa satumikira alendo. Ndinatenga sizasi yake yomwe, ndi kumudula malaya pachifuwa, iye n'kung'amba monga tinang'ambira ife anamfedwa, mwa mwambo wathu. Ndiye ndinati, Rahamim, pita ukatenge mpando."

Anatembenukira kwa Bambo Sasson nati, "Unabwera masiku angati?"

Bambo Sasson anati onse asanu ndi awiri, kudzakwanitsa amuna khumi a pemphero.

"Nanga potsanzika unkati chiyani?"

Bambo Sasson anati ankanena mawu amene aliyense amanena, akuti "Chitonthozo chanu chichokere kumwamba."

"Kwa anthu angati?"

Bambo Sasson anati kwa anayi, mmodzimmodzi, ndipo mawuwo sauzidwa mlendo. Anati, "Mpandowo ndinanyamula ndine, ndinauika ndine pafupi ndi wa mayiwa. Zimenezo ndinaziona. Mulembe zomwezo m'kalatamo, musakometsere, ndisaina."

Anawonjezera kuti pali china chofunika kulembedwa. Fomu ya 1988 sinabwezedwe ndi akulikulu ayi. Anaibweza ndi iwo, osaitumiza n'komwe, poganiza kuti akumuteteza mnyamatayo. Gavriel ankadziwa, koma sanawanenepo kwa munthu, ndipo pa tchuthi chilichonse ankawapatsa moni woyamba. Mlembi anafunsa ngati akufunadi kuti zilembedwe. Anati inde.

5. Chigamulo

Anagwirizana, anayi mwa anayi, kuti kalata ya umboni ilembedwe, pamodzi ndi kope la tsamba 61 la buku lobwereketsa katundu. Mlembi anailemba pomwepo, mizere 14, ndipo onse anasaina. Mayi Elbaz anati positi siyodalirika sabata ya chikondwerero cha Purimu. Bambo Sasson anati akaipereka okha pamanja mawa, pa basi yoyamba, ndipo sachoka pakhomopo asanaidinde.

Anagwirizananso kuti dzina la Bambo Karmi lilowe m'kaundula wa amasiye a komiti ino, pa nambala 24.

Wapampando anathokoza Mayi Masuda chifukwa chobwera, nathokozanso malemu Sajeni Dadon. Anati ambiri a ife tikanasiyira pa kalata yachitatu, ndipo amene adzabwere m'mbuyomu adzapeza khomo lotsegula osadziwa amene anagogoda.

Bambo Karmi, atapatsidwa mpata, anati sadziwa kulankhula pagulu, wolankhula anali Gavriel. Anathokoza komiti. Kwa Bambo Sasson anati, "Za fomu zija anandiuza tsiku lomwelo. Anati musiyeni mkuluyo, ndi wochedwa koma amafika." Kwa Mayi Masuda anati, "Zikomo, amayi." Mayi Masuda anati aleke zimenezo, Lachisanu asachedwe ngati sabata yatha, nsomba zinazizira.

6. Zina ndi zina

(a) Mphatso za Purimu za amasiye zikhala mapaketi 24, osati 23. Mayi Elbaz awonjezera makeke.

(b) Babu la pa masitepe lapsanso, lachitatu chaka chino. Wapampando aona.

(c) Bambo Karmi anapempha kutuluka pang'ono. Anabwera patapita mphindi zinayi atanyamula kampando kakafupi, nakaika patsogolo pa Mlembi. Anati, "Pepani mayi, ndinkamva kuti mukukafuna. Kungoti m'nyumba zonsezi malo amene anthu anandipatsa anali okhawa, ndiye ndinkaopa kubweza ndisanapeze ena."

Mlembi anakayendera. Mwendo umene unali wogwedera walimbitsidwa, ndipo pokhalira pasokedwa nsalu yatsopano. Mlembi anapempha kuti mawu akuti "kosowa" afufutidwe m'zolembedwa za misonkhano 209, 210 ndi 211, m'malo mwake mulembedwe kuti "kali kwa namfedwa". Onse anavomera.

7. Msonkhano wotsatira

Lamulungu, 5 Epulo 1998, 10 koloko m'mawa, malo omwewa. Bambo Sasson adzabwere ndi kope lodindidwa.

8. Kutseka

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ili 11:32. Pokwera masitepe, Mayi Masuda analola kugwiridwa mkono ndi Bambo Karmi. Mlembi anatsekula mosungira katundu nawerenga timipando kawiri. Tilipo 12.

Ovadia Turjeman, Wapampando ....................

Tirtza Landau, Mlembi ....................